Kalembera wa 2028: chinsinsi cha pakhomo atisungira ndani?

Pa zaka khumi zilizonse boma limatuma munthu pakhomo pa aliyense kudzafunsa mafunso amene ngakhale mnansi wogawana naye mpanda sangayerekeze kufunsa. Mwabereka ana angati, ndipo amoyo alipo angati? Mwagwa maliro pakhomo pano m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi? Chimbudzi chilipo? Ndinu mtundu wanji, nanga mumapemphera kuti? Kuno ku Malawi mafunso otere anamveka komaliza kuyambira pa 3 mpaka pa 23 Seputembala 2018, ndipo tinapezeka kuti tilipo 17,563,749. Potsatira mwambo wa zaka khumiwo, kalembera wina akuyenera kudzachitika mu 2028. Nthawi yabwino yokambirana za chinsinsi cha mayankho athu ndi inoyi, mafunso asanakonzedwe ndiponso alembi asanaphunzitsidwe, chifukwa mlembi akafika pakhonde zonse zimakhala zitagamulidwa kale.

Ntchitoyi imayendetsedwa ndi ofesi ya National Statistical Office, imene ambiri amangoti NSO, ndipo likulu lake lili ku Zomba. Imayamba kale kwambiri tsiku lowerenga lisanafike. Akatswiri a mapu amaduladula dziko lonse m'tizigawo ting'onoting'ono, kachigawo kalikonse koti mlembi mmodzi akhoza kukamaliza ndi miyendo m'masabata ochepa. Amatero kuti pasakhale nyumba yodumphidwa kapena yowerengedwa kawiri. Kenako amalemba ntchito alembi ndi owayang'anira, n'kuwaphunzitsa kafunsidwe kamodzi kuti funso la ku Chitipa lisasiyane ndi la ku Nsanje. Odwala m'zipatala, akaidi, ana asukulu zogonera komweko ndi ogona m'misika nawonso amawerengedwa. Mu 2018 alembi anasiya mapepala n'kunyamula matabuleti kwa nthawi yoyamba, ndipo mayankho ankapita ku likulu kudzera pa intaneti. Dzina la munthu amalemba ndithu, kuti aliyense wa m'banjamo adziwike pofunsa mafunso, koma zimene zimasindikizidwa kuti dziko liwerenge ndi ziwerengero zokhazokha.

Wonena kuti kalembera n'kungotaya ndalama sanaganize bwino. Mu 1966, pa kalembera woyamba titalandira ufulu, tinalipo pafupifupi 4 miliyoni. Mu 1998 tinayandikira 10 miliyoni, mu 2008 tinapitirira 13 miliyoni, ndipo pakati pa 2008 ndi 2018 tinkachuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka. Kalembera wa 2018 anaonetsanso kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndiponso kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Popanda ziwerengero zotere, wogula katemera ndi wokonza zomanga zipinda zophunzirira amangolota. Ngakhale ndale zimadalira pomwepa. Madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo anachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, ndipo kudula malire mwachilungamo sikutheka osadziwa kumene anthu achuluka. Mudzi wobisala pa kalembera umadzimana wokha mjigo ndi mphunzitsi kwa zaka khumi.

Koma pali chiwerengero chimodzi cha mu 2018 chimene chimandikhalitsa pansi kuposa zonse, chifukwa chikuonetsa ubwino ndi kuopsa kwa kalembera nthawi imodzi. Kwa zaka zambiri mabungwe ankanena kuti anthu achialubino m'dziko muno alipo pakati pa 7,000 ndi 10,000. Kalembera atafunsa nyumba ndi nyumba, anapeza 134,636. Tangoganizani kusiyana kwake kwa wogula mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kwa wokonza mabuku a zilembo zazikulu m'sukulu, kwa dokotala wolimbana ndi khansa ya pakhungu. Anthu oposa 100,000 amene boma silinkawaona anaonekera. Apa kalembera anagwira ntchito imene palibe kafukufuku wina akanaigwira.

Tikumbukirenso kuti funsoli linafunsidwa pa nthawi yanji. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino ankabedwa ndi kuphedwa, manda awo ankafukulidwa, ndipo pa milandu ina oganiziridwa anali achibale enieni. Mu 2016 Ikponwosa Ero, katswiri wa United Nations pa ufulu wa anthu achialubino, anabwera kuno kudzaona yekha vutoli. Tsono m'chaka cha 2018 m'tabuleti munalowa dzina la mwana, zaka zake, mudzi wake ndi yankho lakuti ndi wachialubino. Chiwerengero cha dziko lonse sichingavulaze munthu. Cha boma lonse la Machinga kapena Mchinji sichingavulazenso munthu. Koma mukatsika kufika pa kachigawo ka mlembi mmodzi, pamene mwana wotere ali mmodzi yekha, chiwerengerocho chimasanduka cholozera njira ngakhale dzina litafufutidwa. Sindikunena kuti za mu 2018 zinatuluka. Ndikunena kuti mayi amene anazengereza poyankha funso limenelo anali ndi chifukwa chomveka, ndipo sitiyenera kumutenga ngati wosazindikira.

Maiko ena anaziona zimenezi ndi maso. Ku Netherlands boma linali ndi kaundula wolongosoka bwino wa nzika zake, wolemba ndi chipembedzo chomwe. Anamukonza ndi mtima wabwino, koma asilikali a Hitler atalanda dzikolo mu 1940 anamupeza ali chikonzekere, ndipo pafupifupi Ayuda atatu mwa anayi aliwonse a m'dzikomo anaphedwa. Mu Malichi 1943 anthu ena olimba mtima anakatentha ofesi ya kaundula ku Amsterdam pofuna kupulumutsa otsala. Ku United States, kumene lamulo linkalonjeza chinsinsi, ofesi ya kalembera inathandiza asilikali mu 1942 kudziwa madera okhala anthu ochokera ku Japan, ndipo anthu oposa 100,000 anatsekeredwa m'misasa. Nyumba ya malamulo inangofewetsa lonjezolo ponena kuti ndi nthawi ya nkhondo. Pa nkhani ziwirizi olemba kaundula sanali zigawenga ayi. Anali antchito aboma okonda ntchito yawo. Chimene chinasintha ndi eni mphamvu kapena zofuna zawo, pamene mayankho anali atasungidwa kale. N'chifukwa chake mu 1983 khoti lalikulu la West Germany linaimitsa kalembera, n'kugamula kuti munthu ali ndi ufulu wolamulira zimene zikudziwika za iye, ndipo kuti mayankho a kalembera asasakanizidwe ndi kaundula wa maofesi ena. Kalemberayo anachitika mu 1987 lamulo litakonzedwa.

Mantha athu kuno ali ndi mizu yawoyawo. Pa nthawi ya atsamunda, wowerenga nyumba ndi wotolera msonkho wa nyumba anali ngati munthu mmodzi, ndipo agogo athu anaphunzira kuti kulembedwa kumatsatana ndi kulipira. Mu 2017, chaka chimodzi chokha kalembera asanachitike, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, ndipo mlendo aliyense wonyamula chipangizo chachilendo ankakayikiridwa. Palinso chisokonezo china cha masiku ano. Anthu akumudzi alembedwa kambirimbiri: za Mtukula Pakhomo, za fetereza wotsika mtengo, za chimanga cha chithandizo, za maukonde a udzudzu. Kulemba konseko dzina limasungidwa dala chifukwa cholinga n'choti thandizo lifike kwa mwini dzinalo. Tsono wa kalembera akafika, funso loyamba limakhala lakuti, "Mukulemba za chiyani, tilandira liti?" Wina amawonjezera adzukulu okhala ku tauni, wina amabisa njinga ndi wailesi kuti aoneke wosowa. Ngati anthu sakusiyanitsa kalembera ndi kaundula wa thandizo, ndiye kuti lonjezo la chinsinsi silinawafike n'komwe.

Komabe ine ndikuona kuti malo amene chinsinsi chimatayikira kwambiri si makompyuta a ku Zomba. Ndi pakhonde. Mlembi wakhala pa mpando, mayi wakhala pa mphasa, apongozi akusenda chinangwa chapafupi, ana azungulira kuti aone tabuleti, ndipo nthumwi ya amfumu imene yaperekeza mlendoyo yaima poteropo. Funso likubwera: "Mayi, chibadwire chanu mwaberekapo ana angati amoyo?" Mayiyu anabereka mwana ali mtsikana, mwanayo anamwalira ali wakhanda, ndipo banja limene anakwatiwako silidziwa. Ayankha bwanji? Akanena zoona, nkhani yafika kwa apongozi. Akabisa, chiwerengero cha imfa za makanda chatsika pa pepala pamene manda alipo. Apa mpamene ndimasiyana ndi amene amati chinsinsi ndi chiwerengero cholondola n'zolimbana. Mayi wotsimikiza kuti palibe wina akumva ndi amene amanena zoona.

Nkhani ya mlembi mwiniyo ilinso ndi mbali ziwiri. Wa m'dera lomwelo amadziwa chilankhulo, amadziwa kanjira kopita ku nyumba ya kuseri kwa dambo, ndipo agalu ndi anthu omwe samuthamangitsa. Koma mawa mudzakumana naye pa chigayo akudziwa kuti bambo a pakhomo panu sali pa ntchito ndipo chimbudzi mulibe. Wochokera kutali sakudziwani, koma ndi amene angatchedwe namapopa. Njira yapakati ikuoneka yanzeru kwa ine: mlembi akhale wa boma lomwelo ndi chilankhulo chomwecho, koma asalembe mudzi wake kapena woyandikana nawo. Zikweza mtengo wa mayendedwe, ndikuvomera, koma ndi ndalama yoyenera kuilipira.

Funso la mtundu ndi la chipembedzo ndi lovuta kuligamula. Mu 2018 tinauzidwa kuti Achewa ndi 34.4 peresenti, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4 ndipo Atumbuka 9.2. Ofuna funsoli amati popanda ziwerengerozi simungaone ngati gulu lina likutsalira pa sukulu kapena pa ntchito, ndipo tsankho losayezedwa n'losavuta kulikana. Otsutsa amaloza ku Rwanda, kumene mtundu wolembedwa pa chitupa kuyambira nthawi ya ulamuliro wa Belgium unasankha wofa ndi wopulumuka pa zotchinga za pamsewu mu 1994. Nigeria inachotsa mafunso onse awiriwa pa kalembera wa 2006 poopa mkangano, ndipo Lebanon sinachitenso kalembera chiyambire 1932 chifukwa mipando ya boma imagawidwa potengera zipembedzo. M'dziko ngati lathu, mmene mavoti amatsatira zigawo, andale amawerenga ziwerengero za mitundu ngati mavoti osungidwa kale. Ngakhale zili choncho sindingafune kuti funsoli lichotsedwe, chifukwa kusawerenga sikunathetse mkangano ku Nigeria kapena ku Lebanon. Chimene ndingafune n'chakuti munthu akhale ndi ufulu wosayankha mafunso awiriwa popanda kuopsezedwa, komanso kuti mwana wa bambo Mtumbuka ndi mayi Mlomwe asakakamizidwe kusankha mbali imodzi.

Malamulo tili nawo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la ziwerengero la mu 2013 limaletsa kuulula mayankho a munthu payekha, ndipo ogwira ntchitoyi amalumbira kusunga chinsinsi. Mu 2024 tinapezanso lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makompyuta ndi m'mafailo, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA. Kalembera wa 2028 adzakhala woyamba kuchitika lamulo limeneli lilipo, komanso adzachitika m'dziko losiyana ndi la kale. Chiyambire 2017 akuluakulu oposa 9 miliyoni analembetsa chitupa cha unzika ku NRB, ndipo nambala ya chitupacho yalumikizidwa ku foni, ku banki, ku fetereza ndi ku kaundula wa mavoti. Padzapezeka wina wanzeru zake wonena kuti mlembi azingojambula chitupa, ntchito ichepe ndi ndalama zipulumuke. Adzatchula Denmark, imene kuyambira 1981 imawerenga anthu ake kuchokera m'makaundula popanda kugogoda pa chitseko. Mfundo yake si yopusa, pakuti kalembera ndi wodula ndipo mbali ina ya ndalama zake timadalira abwenzi akunja monga UNFPA.

Koma pamenepa ndiye ndikukana. Nambala ya chitupa ikangolowa m'tabuleti ya kalembera, yankho la mayi la mwana womwalira, chipembedzo chake, mtundu wake ndi khungu la mwana wake zamangiriridwa ku foni yake ndi ku voti yake, ndipo chotsala n'kudalira kuti aliyense amene adzalamulire dziko lino m'tsogolo adzakhala wa mtima wabwino. NSO inene poyera, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, pa wailesi zimene anthu amamvera, kuti mayankho sapita kupolisi, ku MRA, ku chipani kapena kwa amfumu. Inenenso kuti maina adzachotsedwa liti, adzasungidwa kuti, ndipo makiyi ake adzakhala ndi ndani. United States imatsekera maina a kalembera zaka 72, Britain zaka 100, ndipo ifenso tikuyenera kumva nambala yathu. Ziwerengero za magulu ochepa, makamaka achialubino ndi othawa kwawo, zisasindikizidwe kutsika pa kachigawo kakang'ono. Ndipo pophunzitsa alembi, tsiku lathunthu liperekedwe ku chinthu chimodzi chimene tabuleti singachite: kupempha mwaulemu apongozi, ana ndi nthumwi ya amfumu kuti ayambe apita kaye poteropo mafunso a uchembere asanayambe. Aphungu amene adzavomereze ndalama za kalembera ameneyu ali ndi mpata wofunsa zonsezi bajeti isanadutse.