Mwini Malire Ndani?

Abale, mlandu umene tiutula pabwalo lero ucokera kutsidya la nyanja, ku mzinda waukuru wa New York m'dziko la Amereka. Mzindawo ulamulidwa ndi meya pamodzi ndi bwalo la makhansala 51, onsewo osankhidwa ndi eni mzinda.

M'caka ca 1993 eni mzindawo anafunsidwa ndi voti, naika lamulo lakuti meya kapena khansala asakhale pampando kopambana maulendo awiri otsatana, ndizo zaka 8. M'caka ca 1996 anafunsidwanso ngati alola ulendo wacitatu, nakana. Koma m'caka ca 2008 meya Michael Bloomberg, poona kuti nthawi yace yatsala pang'ono, anati cuma ca dziko cagwedezeka, ndipo mzinda usowa munthu wozolowera nchito monga iye. Makhansala sanabwerere kwa anthu iai. Anakhala pansi okha, 29 nabvomera, 22 nakana, nalemba maulendo atatu. Ndipo ambiri a obvomerawo, nthawi yao inalinkutha nayonso!

Ife titi cimeneci ndi cinyengo, cingakhale cinacitika masana ndi mwa lamulo. Munthu wobwereka munda akazula zikhomo za m'malire nazikhoma patsogolo, kodi timleka cifukwa alima bwino? Ena ati, Lamulo lotere licotsa anthu anzeru odziwa nchito, ndipo ngati anthu amkonda phungu wao, amsankhe kufikira imfa. Mau amenewa ali nako kulemera kwace, sitiwanyoza. Kapena maulendo atatu ndiwo abwino koposa awiri. Koma wakuweruza zimenezo ndani? Si iye wakudya malipiro a mpandowo. Akadakhala ndi cifukwa coona, akadapita naco kwa anthu kacitatu, monga adacita mu 1996. Koma anadziwa cimene anthu akadayankha. Ife a ku Malawi sitidabwa nayo njira imeneyi, pakuti mu 2002 aphungu athu anayesa kucotsa malire a Pulezidenti, naperewera mavoti atatu okha.

Bloomberg anapambana ndithu mu 2009, atamwaza ndalama zace zoposa madola 100 miliyoni, napambana mwa pang'ono. M'caka ca 2010 anthu anafunsidwa pomariza, ndipo pafupifupi atatu mwa anai alionse anabwezera maulendo awiri. Komabe makhansala okhala kale pamipando anasiyidwa ndi ulendo wao wacitatu umene anadzipatsa okha.