Madzi a M'nyumba Zathu, Gawo Lachitatu: Kodi Sefa Yanu Ikufunadi Pampu?

Sabata yatha tinakamba za kuphitsa madzi ndi kuthiramo klorini, njira zimene ambiri anazikumbukiranso pamene mliri wa kolera unabuka m'dziko muno m'chaka cha 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 usanazilale m'chaka cha 2023. Lero tiyeni tione chipangizo china chimene mabanja opezako bwino m'mizinda yathu akuika m'makhitchini mwawo, ndicho sefa ya mtundu wa reverse osmosis, pamodzi ndi kapampu ka magetsi kamene ogulitsa amati nkofunika kuti sefayo igwire bwino ntchito.

Dandaulo la eni masefa ameneŵa limakhala lofanana. Munthu wataya ndalama zambiri, mmisiri wamangirira sefa pansi pa sinki, koma kampope ka madzi akumwa kakungodontha, kathanki sikakudzaza, pamene paipi yotayira madzi ikuyenda usiku wonse. Akabwerera kwa wogulitsa, yankho nlakuti aonjezere ndalama agule pampu. Tsono funso nali: kodi wogulitsayo akunena zoona? Kaŵirikaŵiri akunenadi zoona. Koma pampu ndi mankhwala a nthenda imodzi yokha, ndiyo kuchepa kwa mphamvu ya madzi m'paipi, ndipo amene waigula asanadziŵe nthenda ya madzi ake angathe kutaya ndalama, madzi ndi thanzi lomwe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kuti timvetse nkhaniyi, tiyambe taona momwe sefa imeneyi imagwirira ntchito. Mkati mwake muli nembanemba yopyapyala kwambiri, yokulungidwa ngati mphasa, imene imalola madzi kudutsa koma imatsekereza mchere wambiri wosungunuka m'madzimo. Mwachilengedwe, madzi amachoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli mchere wambiri. Nchifukwa chake kabichi woduladula amatuluka madzi mukamuwaza mchere. Sefayi imatembenuza ulendo umenewo: imakankha madzi kuti achoke kumene kuli mchere, adutse nembanemba, akatulukire tsidya lina ali oyera. Nembanemba yoyamba yotheka kugwiritsidwa ntchito inapangidwa cha m'ma 1960 ndi akatswiri aŵiri, Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan, pa yunivesite ya California ku Los Angeles, ndipo m'chaka cha 1965 tauni ya Coalinga, imene madzi ake a pansi anali amchere, inayamba kumwa madzi oyeretsedwa mwa njira imeneyi. Taonani kuti kuyambira pachiyambi, chida chimenechi anachipangira mchere.

Popeza ntchito yonse yagona pa kukankha, mphamvu ya madzi m'paipi, imene amisiri amaitcha presha, ndiyo moyo wa sefayi. Opanga masefa a m'nyumba ambiri amanena kuti madzi oloŵa asachepere 40 psi, kumene kuli pafupifupi 2.8 bar, ndipo sefa imachita bwino koposa pa 4 bar kapena 5 bar. Manambala ameneŵa asatiopse, pakuti pali njira yapafupi yowamvetsera. Madzi oima pamwamba mamita 10 amapereka mphamvu ya 1 bar pansi pake. Ndiye kuti nyumba imene imadalira thanki yokwezedwa pa nsanja ya mamita 6 ili ndi mphamvu ya 0.6 bar yokha. Kuti thanki yoteroyo ikwaniritse zimene sefa ikufuna, iyenera kukwezedwa mamita 28, msinkhu wa nyumba yosanja kasanu ndi katatu kapena kuposerapo. Apa mpoonekeratu kuti banja lililonse lomwa madzi ochokera m'thanki ya pa nsanja silingayendetse sefa imeneyi popanda pampu.

Nanga bwanji amene amatenga madzi mwachindunji ku paipi ya bungwe la madzi? Ameneŵa zimatengera kumene akukhala ndi nthaŵi ya tsiku. Tiyeni titenge chitsanzo cha Blantyre. Madzi ambiri a mzinda umenewu amatungidwa mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka, asanafike mumzinda. Ntchito yotere imadya magetsi ochuluka, kotero kuti magetsi akavuta, madzi nawo amavuta, monga tinaonera pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Ndiponso mzindawo uli pa mapiri ndi zigwa. Wa m'chigwa angakhale ndi mphamvu yokwanira, pamene wa pamtunda amaona madzi ofooka, makamaka m'maŵa ndi madzulo pamene aliyense watsekula mpope. Chotero palibe yankho limodzi la mzinda wonse. Nyumba iliyonse iyenera kupimidwa payokha.

Mphamvu ikachepa, zinthu zitatu zimachitika nthaŵi imodzi. Choyamba, madzi oyera amatuluka ochepa, moti nembanemba yolembedwa kuti imapereka malita 190 pa tsiku ingalephere kupereka ngakhale theka lake. Chachiŵiri, madzi otayika amachuluka. Sefa imeneyi imayenera kutsuka nembanemba yake ndi madzi ena amene amatenga mchere wotsalawo kupita nawo ku ngalande, ndipo pa masefa ambiri a m'nyumba malita atatu kapena anayi amatayika pa lita imodzi iliyonse ya madzi akumwa. Mphamvu ikafooka, chiŵerengerochi chimakwera. Chachitatu, chimene ambiri sachidziŵa, madzi otulukawo sayera kwenikweni, chifukwa mchere umapitirira kudutsa pang'onopang'ono monga mwa nthaŵi zonse pamene madzi ousungunula achepa. Kuonjezera apo, kavalavu kotseka madzi kathanki kakadzaza kamadalira mphamvu yomweyo, ndipo ikakhala yosakwanira sikatseka bwino. Apa ndi pamene pamachokera phokoso lija la madzi oyenda usiku wonse.

Pampu imakonza zonsezi, malinga yaikidwa pamalo pake. Koma musanaigule, bwerekani geji kwa mmisiri wa mapaipi, mupime mphamvu ya madzi m'maŵa, masana ndi usiku kwa masiku angapo. Ngati ikupitirira 3.5 bar nthaŵi zonse, vuto lili kwina. Mwina masefa oyambirira atsekeka ndi matope, mwina nembanemba yakalamba, kapena mpweya wa m'kathanki watha. Kathanki kameneka kali ndi valavu yonga ya tayala la galimoto, ndipo kakakhala kopanda madzi mpweya wake uyenera kukhala pafupifupi 0.5 bar, pampu ya njinga imakwanira kuubwezeretsa. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kugula pampu ya magetsi pa vuto limene pampu ya njinga ikanalithetsa.

Ngati geji yatsimikiza kuti mphamvu njochepadi, dongosolo la kaikidwe ndi ili. Tsekani madzi, tsekani kathanki, tsekulani kampope kuti mphamvu yotsala ithe. Madzi ayambe adutsa m'sefa yochotsa matope, kenaka aloŵe m'pampu, ndipo pomaliza afike pa nembanemba. Pampu yolandira madzi a mchenga siikhalitsa, ndipo pampu yoikidwa kutsogolo kwa kathanki imangofulumizitsa madzi pa kampope, nembanemba osathandizidwa konse. Pa thupi la pampu pali muvi wosonyeza kumene madzi ayenera kuloŵera. Kuutembenuza ndi kulakwa kofala. Pampu zimenezi zambiri zimayendera magetsi a mavoti 24 kudzera m'kathiransifoma, kamene kayenera kukhala pamalo ouma, pamwamba, kutali ndi madzi odontha.

Pali maswitchi aŵiri amene sayenera kusiyidwa, ngakhale wina atanena kuti ngongoonjezera mtengo. Yoyamba imakhala pa paipi yopita ku kathanki, ndipo imazimitsa pampu kathanki kakadzaza. Yachiŵiri imakhala pa paipi yobweretsa madzi, ndipo imazimitsa pampu madzi akasiya kubwera. M'maiko amene mipope siuma, switchi yachiŵiriyi ena amainyalanyaza. Kuno kwathu, kumene madzi angathe kusiya usiku anthu ali m'tulo, pampu yopanda switchi imeneyi idzalira yokha mpaka kutentha ndi kuonongeka. Onetsetsaninso kuti kachipangizo kopanikiza madzi pa paipi yotayira nkogwirizana ndi kukula kwa nembanemba, pakuti kakakhala kotakasuka, mphamvu yonse ya pampu idzathaŵira ku ngalande. Mukamaliza, yatsani, yang'anani polumikizira paliponse ngati sipakudontha, ndipo madzi a kathanki koyamba muwataye.

Tsopano tifike pa zimene pampu siingachite, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Pampu siilenga madzi. Mpope ukauma, nayo imakhala chete. Magetsi akazima, imaimanso. Koma chachikulu nchakuti sefa imeneyi siinapangidwire kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Nzoona kuti nembanemba yamphumphu imatsekereza tizilombo tambiri, koma opanga masefa ameneŵa amachenjeza okha kuti asagwiritsidwe ntchito pa madzi okayikitsa popanda kuyamba apha tizilomboto, chifukwa kaboŵo kamodzi kosaoneka ndi maso, kapena mphira umodzi wotha, ungathe kutilola kudutsa. Ndiponso klorini imaononga nembanemba, kotero sefa ya makala imaichotsa madzi asanafikeko. Ndiye kuti madzi a m'kathanki alibenso mlonda. Banja losasintha masefa pa nthaŵi yake, losatsuka kathanki, lingathe kumwa madzi oipa kuposa a pa mpope, lili ndi mtima wokhazikika poganiza kuti lagula chitetezo.

Kodi tsono sefa imeneyi njoyenera ndani? Njoyenera amene vuto lawo ndi zosungunuka m'madzi. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, muli mijigo imene madzi ake ngamchere kotero kuti anthu amaisiya ndi kubwerera kumtsinje. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti madzi amayamba kuipa kukoma zosungunuka zikapitirira mamiligalamu 1,000 pa lita. M'madera ena muli mchere wa fluoride woposa mamiligalamu 1.5 pa lita, mlingo umene bungwe lomwelo linaika, ndipo umadetsa mano a ana. Kuphitsa sikuchotsa zimenezi, klorini siichotsanso. Apa reverse osmosis ili pakwawo, ndipo pampu imafunika koposa, popeza mamiligalamu 1,000 aliwonse a mchere amadya pafupifupi 0.7 bar ya mphamvu yokankha. Ngakhale zili choncho, kasefa ka pansi pa sinki kali ndi malire, ndipo opanga ambiri amawaika pa mamiligalamu 2,000 kapena kucheperapo. Koma madzi a m'mipope ya m'tauni, ochokera m'mitsinje ndi m'madamu, kaŵirikaŵiri alibe mchere wochuluka. Choopsa chawo ndi zonyansa zoloŵa m'mapaipi ong'ambika pamene madzi asiya. Pa vuto limenelo, njira zija tinakamba sabata yatha nzotsika mtengo ndiponso nzolunjika pa nthenda yeniyeni.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a sefa imeneyi ndi madzi otayika. Banja lofuna malita 20 a madzi akumwa ndi ophikira pa tsiku limatsanulira m'ngalande malita 60 kapena 80, ndiko kuti malita 1,800 mpaka 2,400 pa mwezi, onse oŵerengedwa ndi mita, onse oyeretsedwa kale ndi kukwezedwa phiri ndi magetsi. Zimenezi ndi ndowa zitatu kapena zinayi tsiku lililonse, mumzinda momwemo mmene amayi amadzuka mbandakucha kukaima pa mzere pa kiyosiki. Pampu yoikidwa bwino imachepetsa kutayikaku, ndipo ichi ndi chifukwa chabwino choigulira, koma siikuthetsa. Nchanzeru kuloza paipi yotayirayo m'chigubu, madziwo nkukolopera, kuchapira kapena kuthira m'chimbudzi.

Palinso chenjezo kwa amene, poona kuti kapampu ka sefa kathandiza, amaganiza zoika chipampu chachikulu pa paipi yoloŵa m'nyumba yonse. Kapampu ka sefa kamakoka madzi ochepa, pafupifupi lita imodzi kapena ziŵiri pa mphindi. Chipampu chachikulu cholumikizidwa mwachindunji ku paipi ya onse chimalanda mphamvu ya anansi, ndipo chingathe kuyamwira madzi a m'dothi kudzera m'ming'alu ya mapaipi, ndi kuipitsa madzi a mzere wonse. Ku England ndi Wales, malamulo a m'chaka cha 1999 amafuna kuti munthu adziŵitse kampani ya madzi asanaike pampu yokoka malita oposa 12 pa mphindi. Kuno nako, chanzeru ndi kuyamba mwafunsa bungwe lanu la madzi, ndi kulola madzi kudzaza thanki okha, pampu nkumakoka kuchokera m'thankimo.

Pomaliza, tisaiŵale chimene kapampu kameneka kakutiuza. Nyumba iliyonse imene yakagula kakuchitira umboni kuti mphamvu imene inayenera kubwera ndi madzi siinafike. Amene ali ndi ndalama adzadzigulira mphamvuyo pansi pa sinki, koma ambiri sangathe, ndipo kolera ikabuka siifunsa kuti ndani ali ndi sefa, pakuti mwana wa m'nyumba ya sefa amamwanso madzi kusukulu ndi kwa anzake. Paipi yokhala ndi madzi usana ndi usiku, yosang'ambika, ya mphamvu yokwanira ndi klorini wake, imateteza onse pamodzi. Chotero inu oŵerenga amene muli ndi sefa, pimani madzi anu, pimani mphamvu yake, ndipo ngati pampu ikufunika, iikeni moyenera. Koma mukaona paipi yaphulika pa mseu, kanenani msanga kwa eni ake, pakuti mphamvu imene mukuisoŵa m'khitchini mwina ndi yomweyo ikuthera m'ngalande.

M'gawo lotsatira tidzaona za mathanki osungira madzi pa nyumba, ndi kasamalidwe kake.