KUONA NTHENDA SIKUCHIZA

Mwa ziŵalo zonse zimene matenda a shuga amaononga, diso ndi chimodzi mwa zimene zimaonongeka mwakachetechete. Chilonda cha kuphazi chimaoneka, ludzu ndi kukodza pafupipafupi munthu amazimva, koma za m'diso sizipweteka konse. M'kati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, muli kachikopa kopyapyala kamene madokotala amakatcha retina, ndipo ndiko kamalandira kuŵala kuti munthu aone. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, timitsempha ta pa kachikopako timafooka, timatupa apa ndi apo, kenaka timayamba kuchucha magazi ndi madzi. Tina timatsekeka, ndipo diso poyesa kudzithandiza limameretsa timitsempha tatsopano tosalimba, timene timaphulika ndi kusiya zipsera. Zonsezi zingathe kuyambika mwini diso akuŵerengabe nyuzipepala bwinobwino. Paja akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene wodwala adzazindikira kuti wayamba kuona chimbuuzi, nthendayo imakhala itapita kale patali.

Vuto limeneli si lakutali. Kafukufuku wina amene adafalitsidwa m'chaka cha 2014, wochitikira pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Zomba, adapeza kuti mwa anthu 357 odwala shuga amene adapimidwa, theka anali ndi nthenda ya m'masoyi, ndipo mwa anthu 3 pa 10 alionse inali itafika poopseza kuŵachititsa khungu. Chithandizo chilipo: madokotala amaotcha malo odwalawo ndi makina a laser, kapena kubaya jekeseni m'diso. Koma chithandizochi chimateteza kuona kumene kwatsala. Kumene kwatha sichibwezera kaŵirikaŵiri. N'chifukwa chake munthu aliyense wodwala shuga amayenera kupimitsa maso nthaŵi ndi nthaŵi angakhale akuona bwino. Chovuta n'chakuti odwala ndi ochuluka, pamene madokotala a maso ndi oŵerengeka.

Apa ndipo padaloŵera kompyuta. Pali kamera yapadera imene imajambula retina kudzera pa mwanadiso. Kujambulako namwino wophunzitsidwa angathe, koma kumasulira chithunzicho kunkafuna katswiri. M'chaka cha 2016 akatswiri a kampani ya Google adalengeza kuti adaphunzitsa kompyuta ntchito yomasulirayi. Adaionetsa zithunzi zoposa 128,000 zochokera ku America ndi ku India, chilichonse chili ndi chigamulo cha madokotala, monga momwe mwana wa sukulu amaphunzirira masamu poona zitsanzo zochongedwa kale, mpaka kompyutayo idayamba kuzindikira yokha timadontho ta magazi ndi timaŵanga ta mafuta. Mu April 2018 bungwe la boma la America loona za mankhwala, la FDA, lidaloleza makina otchedwa IDx-DR, amene adapangidwa motsogozedwa ndi Dr Michael Abramoff wa ku Iowa, kuti azipereka yankho okha popanda dokotala womasulira. Ndipo m'chaka cha 2019 kudamveka kuti kompyuta yophunzitsidwa ku Singapore, itayesedwa pa zithunzi za anthu 1,574 a ku Copperbelt m'dziko la Zambia, idazindikira oposa 9 mwa 10 alionse ofunika kukaonana ndi dokotala.

Munthu akamva ziŵerengero zotere angaganize kuti nkhondo yatha, chatsala n'kugula makina basi. Zimene zidachitika ku Thailand zimatsutsa maganizo ameneŵa. Dzikolo linali ndi odwala shuga pafupifupi 4.5 miliyoni, koma akatswiri a retina ngati 200 okha, ndipo wodwala akajambulidwa ankatha kudikira yankho mpaka milungu 10. Makina a Google ankayankha pasanathe mphindi 10. Komabe ofufuza a kampani yomweyo atayendera zipatala zazing'ono 11 m'zigawo za Pathum Thani ndi Chiang Mai, adalemba poyera m'chaka cha 2020 kuti makinawo adakana zithunzi zoposa 1 mwa 5 zilizonse, kunena kuti sizikuoneka bwino. Adaŵaphunzitsira pa zithunzi zoyera, pamene anamwino ankajambula m'zipinda zoŵala kwambiri, zimene zimachititsa mwanadiso kuchepa. Lamulo linali lakuti amene chithunzi chake chakanidwa atumizidwe kwa katswiri ku chipatala chachikulu, motero anthu ena amene maso ao analibe vuto ankauzidwa kuti ataye tsiku la ntchito ndi ndalama za ulendo. Kwina intaneti inali yochedwa, mzere wa odwala nkumangotalika.

Kompyutayo sidalakwe masamu ake. Chidalakwika chinali kuiŵala chipinda, namwino, msewu ndi thumba la wodwala. Makina amene akhoza mayeso m'nyumba ya akatswiri sadakhozebe mpaka atayesedwa pamalo pamene adzagwirire ntchito, pakati pa fumbi, phokoso ndi magetsi ozimazima.

Ngakhale chithunzi chitamasuliridwa bwino, ulendo umakhala utangoyamba. Ku Rwanda, m'kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2022 pogwiritsa ntchito makina a bungwe la Orbis, odwala ofunika kutumizidwa kwa dokotala adagaŵidwa paŵiri. Ena adauzidwa yankho la kompyuta nthaŵi yomweyo, ena adadikira masiku angapo kuti munthu amasulire. Mwa ouzidwa nthaŵi yomweyo, pafupifupi 52 pa 100 alionse adapitadi kwa dokotala. Mwa odikirawo adapita 40 okha. Apa phindu la makina likuoneka, pakuti munthu amene wamva za diso lake asanachoke pachipatala savuta kukhulupirira. Koma nkhani yomweyo ikuulula chinthu choŵaŵa: ngakhale pamene makina adagwira ntchito yake yonse, pafupifupi theka la odwala sadakafike kwa wochiza. Kwa ameneŵa chithunzi chidangoŵauza za khungu limene likubwera, osaŵalanditsa.

Dziko la England ndilo likusonyeza chimene chimapulumutsadi maso. Kuyambira m'chaka cha 2003 lidakhazikitsa dongosolo loitana munthu aliyense wodwala shuga wa zaka 12 kapena kuposerapo kuti akajambulitse maso. Omasulira zithunzi anali anthu wamba ophunzitsidwa ntchitoyo, osati kompyuta. M'chaka cha 2014 ofufuza adaonetsa kuti, kwa nthaŵi yoyamba pa zaka zosachepera 50, shuga sanalinso woyamba pa zochititsa khungu pakati pa anthu a msinkhu wogwira ntchito. Chidathandiza chinali kaundula wa maina, kalata yokumbutsa, kulondola amene sadabwere, ndi dokotala wokonzeka kulandira wotumizidwa.

Ena atamva zonsezi angati ndi bwino kungoŵasiya makinaŵa. Kumeneko kungakhale kulakwa kwina. England idatha kulemba ntchito omasulira ambiri. Dziko losoŵa akatswiri silingathe, ndipo kwa ilo kompyuta yosatopa, yoyankha wodwala asananyamuke pabenchi, ndi mthandizi wamtengo wapatali. Dokotala wa maso amene amataya tsiku lonse kuyang'ana maso abwino angamasuke kuti achize odwala enieni. Koma walira mvula walira matope. Boma kapena bungwe lofuna kugula makina otere liyenera kuyamba layankha mafunso angapo. Kodi chipinda chamdima chojambuliramo chilipo? Kodi makinawo angagwire ntchito intaneti itaduka? Kamera ikaonongeka adzaikonza ndani? Koposa zonse, mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akauzidwa kuti diso lake lili pangozi, adzapita kuti, pa ndalama za yani, ndipo adzapezako laser yogwira ntchito? Ndalama yogulira kamera isanatuluke, ya chithandizo iyenera kukhala itapezeka kale. Kuuza munthu kuti akuchita khungu, kenaka nkumbweza kumudzi chimanjamanja, ndi nkhanza ngakhale zitachitika ndi makina amakono.

M'nkhani imeneyi muli gawo la achinyamata otsiriza sukulu ndi aphunzitsi ao. Ntchito zimene makina sangagwire, monga kujambula chithunzi choyera, kusunga kaundula, kufotokozera wodwala m'chinenero chake ndi kumlondola akapanda kubwera, sizifuna digiri ya udokotala. Zimafuna munthu wophunzitsidwa bwino ndi wokhulupirika. Nayenso mphunzitsi wa sayansi, pojambula diso pabolodi, angathe kuonjezera mau ochepa oti ana akauze akuluakulu kunyumba: wodwala shuga asadikire kuti maso ayambe kuvuta, apemphe kupimidwa akuonabe bwino, ndipo akatumizidwa kwa dokotala wa maso apite msanga.