Mwana akapempha ndalama ya pulojekiti, timufunse kuti ndi ya ciani

Makolo amene ali ndi mwana wophunzira uinjiniya ku University of Zambia kapena ku Copperbelt University aidziwa bwino foni ija imalira mwana akalowa caka cacisanu. Moni ndi wacidule, kenaka nkhani yeniyeni: "Atate, tumizaniko kangacepe, ndiyamba pulojekiti." Ambiri a ife timagulitsa thumba la nshawa kapena mbuzi ndi kutumiza pa foni, osafunsa n'komwe kuti pulojekitiyo ndi ya ciani. Timati izo ndi za anthu ophunzira, ife a khasu sizitikhudza. Lero tifuna kutsutsa maganizo amenewa. Pa zaka zonse zimene mwana akhala ku Lusaka kapena ku Kitwe, iyi ndiyo nchito imodzi ya sukulu imene angathe kuibweretsa kuno ku cigwa, ndipo mpata wosankha mutu wake umakhala wa masabata owerengeka cabe.

Tiyambe tafotokoza mmene zimayendera. Digiri ya uinjiniya pa masukulu awiriwa imatenga zaka zisanu. M'caka comaliza wophunzira afunika kutenga vuto limodzi, kulifufuza, kupanga kapena kuyesa njira yolithetsera, ndi kulemba lipoti limene adzayankhapo mafunso pamaso pa aphunzitsi. Koma asanagwire sipanala kapena kompyuta, ayamba walemba cikalata comwe iwo amati proposal. M'menemo achula vuto, anena zimene ena anayesapo kale, cimene iye afuna kupeza, njira imene adzatsata, ndalama zofunika ndi mmene adzagawira miyezi yake. Cikalataci cikavomerezedwa, kusintha mutu pakati pa caka ndi kuika digiri pa ngozi. Kawirikawiri aphunzitsi amatulutsa mndandanda wa mitu kuti ana asankhepo, koma wophunzira amene abwera ndi mutu wake womveka bwino angathe kupeza mphunzitsi wovomera kumuyang'anira.

Nanga ana athu alekeranji kubwera ndi mitu ya ku Mambwe? Tisafulumire kuwanena kuti aiwala kwao. Mutu wa pa mndandanda ndi wopepuka: manambala ake alipo kale ku Zesco, ku migodi kapena m'malipoti a anzao a zaka zapita. Mutu wa kwa Jumbe kapena kwa Mnkhanya ufuna kuti mwana ayende mtunda wa makilomita pafupi 700 kucokera ku Lusaka kufika ku Mfuwe, mwina kawiri kapena katatu, ndi ndalama ya basi yocokera m'thumba la makolo. Akafika, palibe amene analemba kuti citsime cija cinauma tsiku liti. Mphunzitsi akamufunsa kuti umboni wa vutoli uli kuti, mwana angoti "anthu akumudzi amatero." Ku yunivesite yankho limenelo silidutsa.

Nkhaniyi yatikulira tsopano cifukwa ca ndalama. M'caka ca 2022 thumba la citukuko ca dera la phungu, lija la CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 linali pa K30.6 miliyoni. Dera la Malambo linalandira ngati ena onse. Mapempho a nchito za m'midzi amadzera m'makomiti a citukuko a mawadi, ndipo amene anakhalapo pa misonkhano imeneyo adziwa mmene timalembera: tifuna mjigo, tifuna kalavati, tifuna dimba la kalabu. Kuya kwake, kukula kwake, kuculuka kwa madzi amene adzadutsapo, zonsezo timasiyira kontirakita. Ndiyeno cinabwera cilala ca 2024, cimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka cimeneco. Kucokera pamenepo liu la ulimi wothirira ndi mapampu a sola lili pakamwa pa aliyense, ndipo ogulitsa mapampuwo nawo aculuka. Amene angatiuze kuti pampu iyi ikwanira dimba ili kapena ai ndiwo acepa.

Tiyeni tione mmene mutu wabwino ungaonekere, kuti mwana akabwera pa holide tikhale ndi comuuza. Kulemba kuti "kuthetsa njala ku Mambwe" si mutu ai, ndi pemphero, ndipo malo ake ndi m'chalichi. Mutu ndi wotere: dimba la lima imodzi m'mbali mwa Lupande lifuna pampu ya mphamvu yotani m'mwezi wa October, pamene mtsinje wasanduka mcenga ndipo madzi ali pansi pake? Apa pali zoyeza. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Tinene kuti ndiwo za m'dimbamo zimwa mamilimita 6 a madzi pa tsiku m'nyengo yotentha ija tiidziwa ife a m'cigwa. Ndiye kuti pafunika malita 15,000 tsiku lililonse, kapena kuti zigubu 750 za malita 20. Mai amene anathirirapo ndi ndowa safunika kumuuza tanthauzo la nambala imeneyo, msana wake uidziwa. Cotsala kwa wophunzira ndi kupeza kuti madziwo akwezedwe mamita angati, dzenje la mumcenga libwezera madzi mofulumira bwanji likapopedwa, paipi ikhale yonenepa bwanji, ndi mapanelo angati. Kawirikawiri pampu siiperewera mphamvu ai. Cimacitika ndi cakuti citsime cimaphwa pampu isanathe ola, ndipo mcenga umadya zitsulo za mkati. Mwana amene angayeze zimenezi pa madimba atatu kapena anai, nalemba tebulo lakuti dimba lotere lifuna pampu yotere, watipulumutsira ndalama zambiri za kalabu, ndipo aphunzitsi ake adzapeza comupatsira mamalikisi.

Vuto lina ndi la njovu, limene a kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Malama safuna kuwafotokozera. Zambiri zayesedwa kale. A Conservation South Luangwa agwira nchito ndi alimi pa njira ya tsabola ndi nkhokwe zolimba zimene njovu ilephera kuswa, ndipo ku Kenya a Lucy King anaonetsa kuti mpanda wa ming'oma ya njuci umabweza njovu. Mwana wathu asalembe ngati ndiye woyamba kuona njovu m'munda. Aphunzitsi adzamubwezera cikalata. Koma pali funso limene lifuna munthu wa zamagetsi. Mpanda wa waya wa sola umagwira bwino dzuwa likamawala ndiponso udzu uli wouma. Njovu nazo zimakonda kubwera cimanga cikayamba kukhwima, m'miyezi ya February ndi March, pamene kumwamba kuli mitambo, batire silidzaza, ndipo udzu wauwisi wokhudza waya ukuba mphamvu usiku wonse. Ndi batire lotani lingafikitse mpanda m'mawa pa masiku atatu a mitambo? Kodi pangapangidwe kacipangizo kochipa kodziwitsa mlonda pa foni kuti mphamvu yatsika? Pali ndi nkhani imene timacita nayo manyazi, yakuti waya wacitsulo wa mpanda umasanduka misampha ya nyama. Wophunzira wocokera kuno aidziwa, ndipo angaiike m'pulani yake kuyambira pa ciyambi posankha mtundu wa waya.

Mitu ina tingoichula. Cimanga cimene a Food Reserve Agency amacibweza ponena kuti cinyontho capitirira 12.5 peresenti, ndi cuku cimene cimamera pa mbeu yosauma. Mu August 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza za agalu pafupi 400 amene anafa ndi poizoni wa cuku wa m'cimanga, conco coumitsira cochipa si nkhani ya masewera. Dothi lakuda lamakande limene limang'ambika m'cilimwe ndi kufufuma m'dzinja mpaka kuswa maziko a makalasi. Mijigo imene mapaipi ake amacita dzimbiri msanga. Njira za kwa Msoro mvula ikagwa.

Pali otitsutsa, ndipo mau ao ali ndi nzeru. Iwo akuti mwana ali ndi ngongole ya boma ya maphunziro yoti adzabweze, conco asankhe mutu umene udzamutsegulira khomo ku migodi ya ku Solwezi, osati wa madimba. Tivomera kuti mwana amene mtima wake uli ku migodi tisamukakamize. Digiri ndi yake. Koma wolemba nchito amafuna kuona ngati mnyamata kapena mtsikana uyu adziwa kuyeza, kuwerengera ndi kuteteza manambala ake, ndipo pampu ya pa Lupande imvera malamulo amodzimodzi ndi pampu yocotsa madzi mu mgodi. Tinenenso poyera kuti CDF si yolipirira pulojekiti ya mwana wa ku yunivesite. Mbali yake ya maphunziro inakonzedwera a sekondale zogonera ndi ophunzira maluso a manja. Cimene tifuna ndi cakuti lipoti la mwanayo likhale maziko a pempho la wadi caka cotsatira.

Ticenjezenso anzathu okonda kukuza zinthu. Wophunzira wa caka cacisanu sanakhale injiniya. Lamulo lifuna kuti munthu alembetse ku Engineering Institution of Zambia asanagwire nchito ya uinjiniya, ndipo pulani ya ulalo umene anthu adzaolokapo siingamangidwe pa siginecha ya mwana wa sukulu. Tisamulandire ndi nthungululu ngati wabweretsa dambo lothiriridwa kale. Mwina adzayeza miyezi isanu ndi kupeza kuti pamalo paja tifuna dimba madzi ndi osakwanira. Limenelo ndi yankho labwino, ngakhale liwawa, cifukwa labwera tisanagule pampu.

Mbali yathu ndi iti? Coyamba ndi kalata. Proposal imene ili ndi kalata ya komiti ya wadi, ya kalabu ya alimi kapena ya parishi, yonena kuti vutoli ndi lathu ndipo tidzamusunga mwanayu akabwera kudzayeza, imalemera pamaso pa mphunzitsi. Malo ogona ndi nsima pa masabata awiri, mphakati uliwonse ungakwanitse. Njinga ipezeka. Anyakwawa amuperekeze kwa amfumu, cifukwa mlendo wonyamula zoyezera m'munda wa munthu popanda kudziwika amabutsa nkhani za malo, ndipo pa nchito yokhudza nyama m'dera la Lupande a Department of National Parks and Wildlife afunika kudziwa.

Cacikulu koposa ndi kope. Akatekisiti athu asunga mabuku a ubatizo a zaka makumi ambiri osasowa tsamba, koma m'midzi yambiri simudzapeza polembedwa kuti madzi osefukira a February 2007 anafika pati. Akuluakulu akali kukumbukira mtengo ndi khoma pamene madzi analekezera. Tiikepo cizindikiro ca penti iwo akali moyo. Pa chalichi ciliconse pangakhale coyezera mvula ndi munthu mmodzi wolemba m'mawa uliwonse. Amai a pa mjigo angalembe tsiku limene wafa, cimene cinathyoka, ndi masiku amene anatunga ku mtsinje podikira okonza. Alonda a minda angalembe usiku umene njovu zinalowa ndi mbali imene zinadzera. Zaka ziwiri za kope lotere ndi cuma cimene wophunzira sangacipeze mu laibulale ya ku Great East Road.

Pomaliza timupemphe mwanayo cinthu cimodzi asanayambe: akatsiriza, kope limodzi la lipoti lifike ku khonsolo ya Mambwe, ndipo abwere tsiku la Sabata, mapemphero atatha, atifotokozere m'Cikunda kapena m'Cinyanja zimene anapeza. Ngati wapanga cipangizo cogwira nchito, pa University of Zambia pali a Technology Development and Advisory Unit, amene kuyambira 1975 nchito yao ndi kupanga makina oyenera alimi ang'onoang'ono. Akagogode kumeneko cisanaikidwe pa shelefu.

Zitsime zimayezedwa kawiri, kumapeto kwa October pamene zatsikitsitsa ndi mu March pamene zadzaza. Cofunika ndi cingwe comangidwa mfundo pa mita iliyonse, mwala kunsonga kwake, ndi munthu wolemba deti.