Senti ya Wobwereketsa Boma Isatayike

Boma likabwereka ndalama kwa anthu limapereka chikalata cha ngongole, chimene chimanena zinthu zitatu: kuchuluka kwa ndalamazo, chiwongola dzanja, ndi tsiku lobweza. Tsono dzina la ndalama likasintha, monga muja Malaŵi anasiyira paundi ndi kuyamba kwacha mu 1971, zikalatazo ziyenera kulembedwanso. Apa ndi pamene wobwereketsa angathe kuberedwa mwakachetechete.

Pa 1971 masamu anali apafupi, pakuti paundi imodzi inali makwacha aŵiri. Zinthu sizinali choncho ku Ulaya pa 1 Januwale 1999, pamene maiko 11 analandira ndalama ya euro ndi kusandutsa zikalata za maboma awo. Euro imodzi inali ma franc 6.55957 a ku France, kapena ma mark 1.95583 a ku Germany. Manambala otere sagaŵika bwino.

Nchifukwa chake lamulo linatsogola ntchito. Mu Juni 1997 maikowo anakhazikitsa kuti mtengo wosinthira ukhale wa manambala asanu ndi imodzi, ndi kuti kalaliki aliyense asaufupikitse poŵerengera. Anakhazikitsanso kuti kubwera kwa euro sikuthetsa pangano, kotero kuti chiwongola dzanja ndi tsiku lobweza zinakhala monga zinalili.

Pa masenti otsala, maiko anasiyana. Germany inalemba zonse kufikira senti, ndipo ngongole ya ma mark 10,000 inasanduka ma euro 5,112.92. France inadula masenti: ma franc 10,000 anasanduka ma euro 1,524, ndipo masenti 49 otsalawo mwini wake anapatsidwa pamanja. Njira ya France inasiya manambala osavuta kugulitsana, koma inapatsa mabanki ntchito yolipira timasenti kwa anthu ochuluka. Chachikulu nchakuti m'njira ziŵiri zonsezo Boma silinadye senti ya munthu.

Ogwira ntchito ku Nthambi ya Zachuma azindikire chinthu china chooneka chaching'ono. Kuŵerengera kuyenera kuchitika pa ndalama zonse za mwini pamodzi, osati pa chikalata chimodzichimodzi. Ma franc 10,000 aja akadagaŵidwa m'zikalata zisanu za 2,000, chilichonse nkudulidwa pachokha, mwiniyo akadatsala ndi ma euro 1,520 okha obala chiwongola dzanja. Ma euro anayi akadabwezedwa m'thumba mwake nthaŵi isanakwane, iye asanapemphe.