Musanamizire mvula, khomali lagwetsedwa ndi anthu

Achinyamata anzathu,

Khoma la ngalande ija lagwa chaka chisanathe chiimangireni. Akuluakulu akuti ndi mvula. Eti mvula! Nanga ngalande amaimangira dzuwa?

Tapita tokha kukaona. Dothi la pamenepo ndi makande: likamwa madzi limafufuma n'kumakankha khoma, m'chilimwe limang'ambika, mvula yoyamba n'kulowera m'ming'alumo. Aliyense wolima kudambo amazidziwa izi. Ndiye womanga amayenera kusiya timabowo m'munsi mwa khoma kuti madzi a kuseri azituluka, kumbuyo kwake n'kuthirako miyala ndi mchenga. Tafufuza, bowo palibe olo limodzi. Kumbuyoko anangobwezerako makande omwewo. Khoma lagwera m'kati mwa ngalande, kusonyeza kuti lakankhidwa kuchokera kuseri. Pomwe lathyoka, zitsulo n'zotalikirana, konkiriti ikuyoyoka ukaikanda ndi chala. Simenti inapita kuti?

Ana asukulu amadutsa pomwepo.

Khonsolo itionetse mapulani, ndalama zomwe inalipira, ndi injiniya amene anasainira kuti ntchito ili bwino. Akonze ndi kontilakita, ndi ndalama zake, osati misonkho yathu.

Lolemba 8 koloko m'mawa tikumane pangalandepo, mwamtendere. Bwerani ndi mafoni tijambule asanakwirire.

Tumizani kumagulu onse.