Mwana "wovuta" wa ku esiteti akusowa womumvetsa, osati chikoti

Aliyense amene anakhalako ku Thyolo akudziwa kuti Januwale ndi mwezi wa ntchito. Mvula ikagwa tiyi amaphuka usiku ndi usana, ndipo m'minda ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba anthu amalawirira mbandakucha, dengu kumsana, kukathyola masamba oti akakwere pa sikelo. Mwezi womwewo ndi umene ufa umatha m'nyumba zambiri, udzudzu umachuluka, ndiponso ana amatsegulira teremu yachiwiri. Zonsezi zimagwera pamutu pa mwana mmodzi, amene mayi ake achoka iye asanadzuke ndipo abwera dzuwa litapendeka. Mwanayo akafika m'kalasi n'kuyamba kumenya anzake, kung'amba makope kapena kuthawa pawindo, dzina lake limapezeka msanga: wovuta, wamwano, chidzete, mwina wolodzedwa kumene. Mankhwala ake amadziwikanso: chibalo chokumba dzenje, kugwada pa dzuwa, ndipo zikakanika, "pita ukabwere ndi makolo ako". Kholo lake liti, poti tsiku lojomba ku munda ndi tsiku lopanda malipiro?

Ine ndikuti pansi pa dzina limodzi loti "wovuta" pabisala ana osiyanasiyana, ndipo sukulu zathu zilibe munthu wokhala ndi nthawi ndi luso lowasiyanitsa.

Woyamba ndi uja anadwalapo malungo aakulu, aja okomola mwana. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akufufuza za malungo amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2010 motsogozedwa ndi Gretchen Birbeck anasonyeza kuti ena mwa ana opulumuka amayamba khunyu patapita miyezi, ena amasintha khalidwe, kukhala osakhazikika ndi aukali. Kuchipatala amamutulutsa kuti wachira, makolo n'kuthokoza Mulungu, koma palibe kalata imene imapita kwa mphunzitsi wake. Wina ali ndi khunyu losagwetsa, longomuyimitsa maso kwa kanthawi kochepa, ndipo aphunzitsi amati akuchita dala. Wina samva bwino chifukwa khutu linatuluka mafinya ali wakhanda. Amangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedezeka, anzake akuseka, iye n'kupsa mtima. Ndiye pali amene anaona nyumba ikukokoloka ndi madzi nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene mvula ikangoyamba kugunda pa malata mtima wake suli m'kalasi. Onsewa chikoti chimawapeza chimodzimodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene chimamuchiza.

M'maiko ena sukulu zimalemba ntchito katswiri wa khalidwe la ana. Dzinalo likumveka lachizungu, koma ntchito yake si yachilendo kwa aliyense amene analerapo mwana. Munthuyu saphunzitsa samu. Amakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope lake, masiku angapo, n'kumalemba zinthu zitatu: chinachitika n'chiyani mwanayo asanayambe kuvuta, anachita chiyani kwenikweni, ndipo atatero anapindula chiyani. Pakutha sabata chithunzi chimaoneka. Mwina mnyamata uja amayambitsa ndewu nthawi zonse aphunzitsi akati aliyense awerenge mokweza, ndipo akamutulutsa panja iye wapulumuka ku manyazi oti sadziwa kuwerenga. Ndiye kuti chilango chija kwa iye ndi mphotho, ndipo mawa abwerezanso. Katswiri uja amakhala pansi ndi mphunzitsi n'kugwirizana zochita: mwanayo akhale kutsogolo, apatsidwe ntchito yaifupi imene angaithe, akhale ndi chizindikiro chopemphera kupuma asanaphulike, ayamikiridwe pamene wachita bwino osati kumangomutchula dzina akalakwa. Kenaka amapita kunyumba, Lamulungu ngati pakufunika kutero, kuti zimene zikuchitika kusukulu zichitikenso pakhomo. Akaona kuti vutolo ndi la chipatala amalemba kalata yopita ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, ndipo amatsatira kuti aone ngati mwanayo anapitadi.

Ndinaziona ndi maso pa mwana wa mlongo wanga, pa sukulu ina ya pafupi ndi esiteti imene sinditchula dzina. Mtsikanayo anabwereza Sitandade 2 kawiri, ndipo lipoti lake linali lofanana chaka ndi chaka: waulesi, amagona m'kalasi, akadzuka ndewu. Amamwa mankhwala a khunyu otchedwa phenobarbitone, amene amathandizadi koma kwa ana ena amabweretsa tulo, kwa ena kusakhazikika. Aphunzitsi ake sankadziwa n'komwe kuti mwanayo ali pa mankhwala, chifukwa mayi ake anabisa poopa kuti anzake adzamuthawa. Anatulukira nkhaniyi ndi mayi wina wophunzira za ana a zosowa zapadera amene anabwera pa sukulupo kudzaona mwana wina. Anafunsa mafunso asanu okha, n'kutumiza mayi ndi mwana kuti akakambirane ndi dokotala za kamwedwe ka mankhwalawo. Zaka ziwiri za chibalo zinatha ndi kucheza kwa theka la ola pansi pa mtengo.

Anthu otere tili nawo, kungoti ndi ochepa zedi. Amishoni ndiwo anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1950 ndi sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu loyandikana ndi Thyolo, yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo mu 1996 anawonjezera maphunziro a ana ovutika kuphunzira. Ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo momwemo, kuli sukulu ya ana osamva ya Mountain View. Koma taonani m'mene zinthu zinayalidwira: wosaona ali ndi kopita, wosamva ali ndi kopita, chifukwa ulumali wawo umaoneka. Mwana amene vuto lake limatulukira m'khalidwe ndiye alibe mwini. Ndipo mphunzitsi wa ku Montfort akafika pa sukulu imene ikusowa aphunzitsi, ahedi amangomupatsa choko ndi kalasi yake ngati wina aliyense. Ndani angawadzudzule? Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi.

Gwero la kudzaza kumeneku tonse tikulidziwa. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linayambitsa sukulu yaulere ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri a inu amene mukuwerenga tsamba lino munadutsira pa khomo limenelo. Koma walira mvula walira matope. Khomo litatseguka analowa ana onse, kuphatikizapo aja kale ankangobisidwa kuseri kwa nyumba, pamene aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito mwachangu asanapite ku koleji. Chaka chomwecho cha 1994 maiko anasonkhana ku Salamanca ku Spain n'kugwirizana kuti ana onse, olumala ndi alunga, aziphunzira limodzi. Mapepala ndiye sitisowa. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la za ulumali mu 2012 limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, ndipo mu 2017 unduna unatulutsa ndondomeko ya maphunziro osasankha. Zonsezo n'zabwino, koma pepala silikhala kumbuyo kwa kalasi.

Ndikudziwa zimene ena munena. Muti abale, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, zimbudzi palibe, mabuku palibe, ndiye iwe ukulota za akatswiri? Funsoli ndi lomveka ndipo sindilinyoza. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo boma la Thyolo lokha linali ndi anthu oposa 700,000. Werengani nokha kuti ana amenewa angakhale angati. Komanso mwana mmodzi amene sakuthandizidwa amaimitsa phunziro la ana 99 enawo, ndipo akabwereza kalasi katatu boma lalipira katatu malo amodzi. Sindikupempha katswiri pa sukulu iliyonse ayi. Sukulu za pulayimale zinagawidwa kale m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake ndi likulu lake lophunzitsira aphunzitsi. Pa likulu lililonse pakhale mphunzitsi mmodzi wa ku Montfort amene alibe kalasi, ali ndi njinga yamoto ndi mafuta ake, poti mapiri a ku Thekerani sungawathe pa njinga yakapalasa. Ntchito yake ikhale kuzungulira sukulu, kuona ana ndi kusula aphunzitsi anzake pamodzi ndi magulu a amayi amene alipo kale m'masukulu.

Malipiro ake ndi udindo wa boma, ndipo lisazembe. Koma eni maesiteti nawonso asayang'ane kumbali. Minda imeneyi inalimidwa ndi thukuta la makolo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique amene anagwira thangata, ndipo Satemwa yokha yakhalapo kuyambira 1923. Makampani ena amamanga midadada ya sukulu ndi zipatala zazing'ono, ndipo apa tiwayamikire. Chovuta n'chakuti mdadada umajambulika bwino pa tsiku lodula riboni, pamene mafuta a njinga ya mphunzitsi sajambulika. Kumene tiyi amagulitsidwa pansi pa chizindikiro cha Fairtrade pamakhala ndalama yapadera imene komiti ya antchito eni ake imasankha kuti igwire ntchito yanji. Ndikadakhala m'komiti imeneyo ndikadakweza dzanja. Ndipo pali chinthu china chosalira ndalama zambiri: mayi amene waitanidwa kusukulu kapena kuchipatala chifukwa cha mwana wotere aloledwe kupita osadulidwa tsiku. Kapitawo amene amadziwa kulemera kwa dengu lililonse sangalephere kulemba chilolezo chimodzi pa mwezi.

Tsono ndilankhule nanu anzanga a pa msika wa Limbe ndi Bvumbwe, chifukwa nkhaniyi imatikhudza mwa njira imene sitikonda kuikamba. Wamalonda akangoyamba kuchita bwino, ndiye kunyumba kwake n'kupezeka mwana wosalankhula kapena wodontha dovu, anthu amanong'onezana kuti anamukhwimira. Poopa mphekesera zotere, makolo ena amatsekera mwana m'nyumba kapena kumutumiza kumudzi kwa agogo, kumene sadzaonanso bolodi. Bodza limeneli lawononga ana ambiri kuposa matenda awo. Khunyu si ufiti ndipo silipatsirana, kaya mwakhudza thovu kaya mwadya naye mbale imodzi. Mwana wochedwa kulankhula sanasandutsidwe ndondocha ndi munthu. Ndipo anyamata aja amakulanditsani matumba pa depoti, ena mukawafunsa bwino mupeza kuti analekera Sitandade 3 atauzidwa tsiku ndi tsiku kuti mutu wawo sugwira.

Inu ophunzira, ambiri mumalota za ukadaulo wa sayansi, ndipo yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014 ili ku Thyolo komweko, ku Ndata. Pitani, palibe cholakwa. Koma dziwaninso kuti ku Nguludi, ku Montfort ndi ku yunivesite ya Katolika, kuli maphunziro a ana a zosowa zapadera, ndipo amene akuphunzira za uphunzitsi m'makoleji ena ali ndi ufulu wofunsa akuluakulu awo kuti phunziro la khalidwe la ana limapatsidwa maola angati pa chaka. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'boma la Thyolo afunse nduna ya zamaphunziro poyera kuti bomali lili ndi aphunzitsi angati a ku Montfort, ndipo mwa iwo ndi angati amene anapatsidwa kalasi wamba m'malo mwa ntchito imene anaphunzira. Yankho lake libwere lolembedwa, zoni ndi zoni, bajeti ikubwerayi isanadutse.